Mkodzo wa Munthu Wina

Wokonza mawotchi anabwera koyamba Lachiwiri, pa 11 Malichi. Anali wachisanu ndi chinayi pa amuna 17 amene anakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha dokotala wa matenda a njira ya mkodzo. Pakhadi pake panalembedwa zaka 66. Analowa atavala jekete, anakhala pampando mosamala, n'kutulutsa pepala lopinda kanayi.

"Chikukuvutani n'chiyani, achikulire?" dokotala anafunsa.

Bamboyo anatambasula pepala lija n'kuyamba kuwerenga. "Usiku ndimadzuka kasanu ndi kamodzi. Ndikaima ndimadikira mphindi ziwiri madzi asanayambe. Akayamba amangodontha ngati denga lobowoka. Ndikamaliza ndimamva ngati sindinayambe."

"Zinayamba liti?"

Anayang'ananso papepala. "Pa 19 Ogasiti."

Dokotala anakweza maso. Pantchito imeneyi anali atagwirapo zaka 23, ndipo palibe wodwala amene anamuuzapo tsiku. Amuna ankayankha kuti "kalekale" kapena "mvula isanayambe", ena ankayang'ana akazi awo kuti awayankhire.

Ntchito yake inali pa kachiwalo kamodzi, pulositeti, kamene kamakhala pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna n'kuzungulira njira ya mkodzo. Mwamuna akamakalamba kachiwaloka kamakula, n'kumafinya njirayo monga phazi lopondera paipi. Dokotalayu anali atapala kapena kuchotsa mapulositeti 2,140, ndipo iliyonse anailemba m'kope, tsiku ndi kulemera kwake. Makina oyezera anabwera mochedwa pachipatalapo, kotero anaphunzira kudalira chala. Ankavala golovesi, kupisa chala kumbuyo kwa wodwala, ndipo pakangopita masekondi khumi ankatchula kukula kwa pulositetiyo. Kawirikawiri sikelo ya m'chipinda cha opaleshoni inkagwirizana naye. Amuna a pabenchi ankamutchula kuti Achala. Iye ankadziwa, ndipo sankadandaula.

"Gonani cham'mbali, achikulire. Mawondo afike pachifuwa."

Wokonza mawotchi anavula jekete, analipinda bwinobwino, n'kugona akuyang'ana khoma. Chala chinapeza pulositeti yaing'ono, yosalala, yofewa, ya magalamu osapitirira 25. Inali pulositeti ya munthu wopanda vuto.

Dokotala analamula kuti ayezedwe magazi ndi mkodzo. Magazi anatengedwa pompo. Za mkodzo, bamboyo anapisa m'thumba lina n'kutulutsa kabotolo kokulunga m'nyuzipepala.

"Ndabwera nawo wakunyumba. Pano sindingathe, anthu achuluka."

Zimenezo sizinali zachilendo kwa munthu wa vuto lotere, ndipo namwino analandira kabotoloko. Masana zotsatira zinabwera. Magazi anali abwino: mlingo wa PSA, umene umakwera pulositeti ikakhala ndi vuto, unali 1.2. Koma mkodzo unali ndi magazi ndi mafinya. Dokotala analemba mankhwala opha tizilombo ndi mapiritsi ofewetsa njira, n'kuuza wodwalayo kuti kwa masiku atatu azilemba nthawi iliyonse wataya madzi, ndiponso kuchuluka kwake.

Pa 25 Malichi wokonza mawotchi anabweranso, ndi pepala lina ndi kabotolo kena. Dokotala anawerenga manambalawo kawiri. Maulendo 16 patsiku. Mamililita 60, 45, 50, 40. Kawiri panalembedwa kuti "zatuluka zokha ndili mtulo."

Ankadziwa tanthauzo la pepala lotere. Chikhodzodzo chadzaza mpaka kusefukira, ndipo mkodzo wayamba kubwerera ku impso. Munthu wa manambala amenewa akhoza kutsekeka tsiku lililonse, ndipo akachedwa impso siziwukanso. Anamugoneka, anagwira pamimba. Pamimba panali pofewa, palibe chotupa. Anapisanso chala. Pulositeti inali yomweija, yaing'ono ndi yosalala. Anamutumiza kusikani, ndipo sikani inaonetsa chikhodzodzo chopanda kanthu, impso ziwiri zabwinobwino.

Wodwalayo atapita kukatenga mankhwala, namwino anatseka chitseko. Anali mayi amene anagwira ntchito ndi dokotalayu zaka 14, ndipo sankamuopa.

"Adokotala, bambo anu a mawotchiwa ndawamva."

"Mwawamva akunena chiyani, asisita?"

"Osati kunena. Analowa m'chimbudzi cha kuseri kwa khomali. Ngati kumeneko ndiye kudontha, ndiye kuti ozimitsa moto nawonso amadontheza."

"Mwina mapiritsi ayamba kugwira."

"Pepala likuti sanagwire."

Dokotala analemba pakhadi zinthu zinayi zimene zingachititse zimenezi: chipsera m'njira, mwala, misempha, shuga. Shuga anaufufuta, chifukwa magazi anali atakana kale. Mwala anaufufutanso, chifukwa sikani sinauone. Zotsalazo sizinkagwirizana ndi chikhodzodzo chopanda kanthu. Chilichonse chimene wodwalayo anabwera nacho m'thumba chinkati akudwala kwambiri. Chilichonse chimene dokotala anagwira ndi dzanja lake chinkati munthuyo ali bwino.

Wokonza mawotchi atabwerako, dokotala anamuuza kuti pa 8 Epulo adzalowetsa kakamera m'njira ya mkodzo kuti aone m'kati.

"Kamera?" Bamboyo anagwira jekete lake pachifuwa. "Kulowera kuti?"

"Kumene madzi amatulukira."

"Zimenezo sitinagwirizane."

"Ndi yani?"

Bamboyo anayang'ana wotchi yake nthawi yaitali. "Ndi thupi langa," anatero.

Sabata imeneyo dokotala anachita chinthu chimene sanauze munthu. Lachinayi masana analowa m'chipinda chophunzitsira, mmene munali chidole cha labala chimene ophunzira amayeserera kupima. Chidolecho chili ndi mapulositeti anayi osinthasintha: yabwino, yotupa, ya chotupa cholimba, ndi ya mafinya. Anawasakaniza m'bokosi atatsinzina, n'kumaika imodziimodzi, kupima, kutchula, kenako kutsegula maso. Anakhoza kanayi konse. Anabwereza, anakhozanso. Anatuluka m'chipindamo wosokonezeka kuposa mmene analowera, pakuti chala chikanakhala kuti chalakwa, akanadziwa poyambira.

Pa 8 Epulo wokonza mawotchi anafika mochedwa, 11 koloko itadutsa, thukuta lili pamphumi. Sanakhale pansi. Anaika pepala patebulo n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Pepalali silinali ngati awiri oyamba aja. Oyambawo analembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono zopendekeka. Ili linali ndi mizere yojambula ndi rula, ndipo pamwamba pa madanga anayi panalembedwa mitu: Kufika. Kunyamuka. Kuchedwa. Katundu. Nthawi zinalembedwa monga zimalembedwera kunjanji, 02:40, 14:05, ndipo nambala 7 iliyonse inali ndi kamzere pakati. Mzere womaliza unati: Kufika 06:15, Kunyamuka 06:31, Kuchedwa mphindi 9, Katundu 30.

Dokotala ankalidziwa dzanja limeneli. Ali mwana, kuseri kwa chitseko cha nyumba yawo kunkapachikidwa pepala lotere, ndipo bambo ake, amene anali kalaliki wa pasiteshoni ya sitima zaka 34, ankalembapo nthawi imene mwana aliyense wafika kuchokera kusukulu, ndi mphindi zimene wachedwa.

"Achikulire," anatero, "mwalemba ndinu?"

"Lero sindinapeze mpata wokopera."

"Wokopera."

Wokonza mawotchi anakhala pansi. "Adokotala, ine ndine mthenga chabe. Nyumba yanga yayang'anizana ndi ya achemwali anu. Ine ndi bambo anu timacheza pakhonde madzulo aliwonse, chisamukireni iwo kumeneko. Anandiuza kuti: mnzanga, iwe uli ndi thupi, ine ndili ndi matenda, tenga matenda angawa upite nawo kwa mwana wanga, ubweretse mankhwala. Ndinayesa nkhani ya ulendo umodzi."

"Mkodzo uja?"

"Ndi wawo."

"Mankhwala?"

"Amwa onse, panthawi yake. Munthu ameneuja saphonya mphindi."

Namwino, amene ankakonza zipangizo za kamera, anasiya n'kutsamira khoma. "Ndiye magazi anu, mkodzo wa anzanu, pepala la anzanu. Inu mwabweretsapo chiyani chanuchanu?"

"Kumbuyoku, mayi," anatero bamboyo. "Chala ndalandira kawiri m'malo mwawo, osadandaula. Koma kamera ayi. Ubwenzi uli ndi malire."

Dokotala sanaseke. Ankawerengera. Bambo ake anali ndi zaka 79. Anawaona komaliza pa 1 Januwale, kwa mphindi makumi asanu, ndipo pa mphindi zimenezo anadzuka katatu, akuti kukaona ngati geti latsekedwa. Iye, amene ankatha kuzindikira vutoli pongoona mmene mwamuna wakhalira pabenchi, anangoti nkhalamba yayamba kuiwala.

"Chichokereni 06:31 ataya madzi?"

"Pochoka ine anali asanataye. Akungoyendayenda m'chipinda."

Pabenchi panatsala odwala asanu ndi mmodzi. Dokotala anaitana dokotala wamng'ono, mayi amene iye anamuphunzitsa kwa zaka zinayi, anamusiyira makhadi, n'kumuuza kuti asachoke pachipatala mpaka atabwerako. Ananyamuka pagalimoto ndi wokonza mawotchi nthawi ili 12:10.

Mlongo wake anawapeza pageti. "Achimwene, kodi msewu wobwera kuno mukuukumbukirabe?" Kenako anaona amene anali pampando wakutsogolo. "Nanga awa mwawatenga kuti?"

"Ababa ali kuti?"

"Kuchipinda kwawo. Chavuta n'chiyani?"

"Zofunda zawo amachapa ndani?"

Mlongoyo anadabwa. "Okha. Kuyambira Febuluwale salola munthu kuzigwira. Ndimayesa ndi ukalamba. Anatenganso jagi yanga yoyezera ya kukhitchini, akuti akuthirira maluwa. Maluwa ake sindinawaone."

Bambo ake anawapeza ataima pawindo, dzanja limodzi lili pakhoma. Anali atavala malaya oyera ndi tayi, monga masiku onse, koma lamba anali atamasula, ndipo pansi pa mchombo panali potupa, pooneka ngakhale kudzera m'malaya. Patebulo panali rula, pensulo ndi wotchi. Jagi ija inali pansi pa bedi, atavundikira ndi nyuzipepala.

"Adokotala," bambowo anatero osatembenuka. "Lachiwiri masana. Odwala mwawasiyira yani?"

"Ndabwera kudzapempha nzeru, Ababa. Ndili ndi wodwala amene wandisokoneza mutu."

Anaika pepala lija patebulo. Bambowo analiyang'ana, kenako anayang'ana kukhomo, kumene mnzawo anaima atagwira chipewa.

"Ndinakuuza kuti ukopere."

"Munandipatsa mochedwa, akulu."

Bambowo anakhala pampando pang'onopang'ono, m'mphepete mwenimweni. Nkhope inakwinyika, kenako inawongoka. "Wodwala wakoyo," anatero kwa mwana wawo, "akuti watani?"

"Chikhodzodzo chake chadzaza. Mkodzo ukubwerera ku impso. Akapanda kuikidwa kapaipi lero, mawa tikhala tikukamba nkhani ina."

"Mapiritsi sangathe?"

"Nthawi ya mapiritsi inadutsa chaka chatha."

"Mwina munthuyo ali ndi chifukwa chake chosabwerera."

"Ndicho ndikufuna kumva."

Bambowo anasuntha rula, n'kuiika molunjika ndi m'mphepete mwa tebulo. "Munthu akamva kuti mumzinda monse dokotala wa zimenezi ndi mmodzi, ndipo anzake amuuza mmene dokotalayo amapimira, ndiye n'kukumbukira kuti chala chimenecho ndi chomwe iye ankachigwira powolotsa msewu, ukuganiza kuti angatani? Ine ndinakusambitsa iwe. Sizitembenuka zimenezo."

"Ndapima amuna oposa zikwi khumi, Ababa. Sindiona nkhope."

"N'chifukwa chake. Ine ndikufuna uzindiona nkhope."

Mawu onse amene dokotala ankauza amuna amanyazi, akuti ndi masekondi khumi okha, akuti manyazi sachiza, anali okonzera anthu achilendo. Anayang'ana potupa paja. Dzanja lake linkadziwa pogwira, pansi pa mchombo, kukanikiza pang'ono. Analiika m'thumba.

"Dokotala si mmodzi," anatero. "Tilipo awiri tsopano."

"Winayo ndani?"

"Ndinamuphunzitsa ndine. Ndi mayi."

Wokonza mawotchi anakhosomola pakhomo. Bambowo anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndi mwana wa munthu wina?"

"Inde."

"Basi. Mkazi kapena mwamuna, bola akhale mwana wa munthu wina. Nanga iwe udzakhala kuti?"

"Kunja."

"Kunja kwa katani?"

"Kunja kwa chitseko."

"Chotseka."

"Chotseka."

Bambowo anatenga pensulo ndi rula n'kuziika m'thumba la malaya. Anapinda pepala lija kanayi. Podzuka anakana dzanja la mwana wawo, nagwira la mnzawo. Mlongo uja anawatsatira mpaka pagalimoto akufunsa kuti akudwala ndani, poti wina akuti awa, wina akuti awo, ndipo palibe amene anamuyankha bwino. Pomaliza anakwera nawo.

Anafika pachipatala nthawi ili 13:55. Dokotala wamng'ono anamvetsera nkhani yonse m'khonde, osafunsa funso, kenako anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Lowani, agogo." Chitseko chinatsekedwa.

Dokotala anakhala pabenchi. Pa zaka 23 zonsezo anali asanakhalepo. Linali lalifupi kuposa mmene ankaganizira, ndipo thabwa lapakati linkagwedera. Kuchokera pamenepo munthu ankamva mpopi wa m'chipindamo, kulira kwa mawilo a tebulo la zipangizo, ndi mawu a anthu, koma osamva chimene akunena. Anapeza kuti akuwerenga masitepe a ntchitoyo m'mutu: kutsuka, mankhwala ochititsa dzanzi, kudikira mphindi zitatu, kulowetsa. Pa pulositeti yaikulu kapaipi kamakakamira pokhota, ndipo pamafunika kutsitsa dzanja. Anali atamuuza dokotala wamng'onoyo zimenezo kambirimbiri. Anaimirira, anafika pachitseko, n'kubwerera kudzakhala.

Bambo wina amene ankadikira mankhwala kumapeto kwa benchi anamuyang'anitsitsa. "Pepani, si inu Acha... si inu adokotala?"

"Ndine."

"Nanunso zakupezani?"

"Ndikudikira wodwala."

Bamboyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva bodza laulemu.

Nthawi ili 14:40 dokotala wamng'ono anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake. Anaima patsogolo pa mphunzitsi wake monga ankachitira m'mawa uliwonse popereka lipoti.

"Mwamuna wa zaka 79. Kapaipi kalowa ulendo wachiwiri. Kwatuluka mamililita 1,300. Pulositeti ndi yaikulu, ndikuyerekeza magalamu 90, yosalala, sindinamve chotupa cholimba. Magazi apita, impso tidziwa madzulo ano. Ndawagoneka kuwodi. Impso zikakhazikika, afunika opaleshoni."

"Magalamu 90. Mwatsimikiza?"

"Chala ndi changa, adokotala. Chanu sichinaloledwe."

"Opaleshoni yotere mwachitapo kangati?"

"Ka 31. Konseko inu mutaima pambali panga. Agogowo anena kuti ndichite ndine, ndipo inu musalowe. Andiuza kuti ndilembe pakhadi. Ndalemba."

M'chipatala chonsecho munalibe dzanja lodziwa ntchito imeneyi kuposa la dokotala wamkuluyo, ndipo ndi dzanja lokhalo limene silinkafunika. Sankadziwa ngati ayenera kukwiya, kapena kuchonderera, kapena kuyamba kumuphunzitsa mayiyo usiku ndi usana mpaka tsikulo.

"Mawa 7 koloko," anatero pomaliza, "mubwere ndi makhadi a anthu 31 aja. Tiwaonenso limodzi, mmodzimmodzi."

Namwino anatuluka atanyamula makhadi awiri. "Adokotala, ndithandizeni. Mkodzo wa pa 11 ndi wa pa 25 Malichi uli pakhadi la awa. Mwini mkodzo khadi lake layamba lero. Mankhwala analembedwa kwa awa, anamwa ndi awo. Ndisamutse chiyani, ndisiye chiyani?"

"Zam'botolo ndi zapapepala zipite kwa Ababa. Magazi, sikani ndi chala zitsale kwa achikulirewa."

Wokonza mawotchi anasendera pafupi. "Ndiye kuti yangayo ili bwino?"

"Ili bwino. Ndaiona kawiri."

"Chaka chamawa ndisabwere?"

"Mubwere. Ndi mkodzo wanu."

Namwino anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa pepala lopinda kanayi. "Bambo anu akuti ndikupatseni. Akuti musunge ndinu, poti ndinu wa zolembalemba."

Dokotala analitambasula. Pansi pa mzere wa 06:15 panali mzere watsopano, wojambula ndi rula. Kufika 13:55. Kunyamuka 14:32. Katundu 1,300. Pa danga la Kuchedwa bambo ake analemba kuti: miyezi 7, masiku 20.

Anawerengera kuchokera pa 19 Ogasiti. Zinali zolondola.